Munda wa Tsekera pa Dziwe la Makina

M'mudzi mwathu muno mwa Kamphande, pafupi ndi msewu wopita kumalire a Cassacatiza, mukafunsa za a Teodoro mudzamva yankho limodzi: munthuyo ndi waulesi. Amayi amanena zimenezi kuchitsime, abambo amazinena pabawo, ndipo Lamlungu lina katekista wathu, pophunzitsa za tchimo la ulesi, anayang'ana mbali imene a Teodoro amakhala kwa nthawi yaitali kuposa mmene phunzirolo linkafunira. Umboni wa anthuwa ndi wakuti a Teodoro ali ndi malo aakulu m'mbali mwa madzi, koma malowo ndi thengo. Udzu wake umabisa munthu woimirira, ndipo mwiniwake amaoneka atakhala pansi pa mkuyu, kudikira azungu.

Ine ndikukana. Ena adzati ndikukana chifukwa a Teodoro anakwatira mayi anga aang'ono, a Quitéria, ndipo anthu otero ndawakhululukira kale. Ndinakhala zaka zinayi ku univesidade ku Tete, ndipo ngati pali chimene ndinabwera nacho kupatula pepala, ndi ichi: nkhani imene mudzi wonse wagwirizana, kawirikawiri palibe amene anapita kukaiona ndi maso. Tsono ndifotokoza za munthuyu kuyambira pachiyambi, ndipo amene adzakhale akunenabe za ulesi ndikamaliza, abwere tidzatsutsane pamaso pa anthu.

A Teodoro kwawo ndi ku Nsadzo. Ali mnyamata anagwirako ntchito pafamu ina ku Zambia, kumene anatolako Chingerezi cha moni ndi cholozera njira. Anabwera kuno kudzakwatira, ndipo monga mwa mwambo wathu anakhala chikamwini, pamudzi pa mkazi wawo. Mkamwini sayesedwa ndi nkhope kapena ndi pakamwa. Amayesedwa ndi khasu, ndipo khasu la a Teodoro linkadziwika. Ankalima mizere ya apongozi awo isanakwane nthawi, ankalambula njira ya kutchalitchi popanda wowatuma, ndipo pabwalo pawo sipankaoneka ngakhale kaudzu kamodzi. Amene akuwanena lero ndi omwewo amene ankauza ana awo aakazi kuti akapeze mwamuna wonga ameneyu.

Komabe mkamwini, ngakhale alime bwanji, munda ndi wa mkazi, nyumba ili pamalo a mkazi, ndipo mawu omaliza ndi a mwini mbumba. Mwini mbumba yathu ndi malume anga, a Valentim, mlongo wamkulu wa mayi anga ndi a Quitéria, mlimi wa fodya, munthu amene sanalakwepo chibadwire, ngati timvera zonena iwo eni.

Pamene empreza ina, kampani ya zomangamanga, inkakonza msewu waukuluwu, makina ake anakumba dothi lofiira ndi timiyala kumapeto kwa malo a mbumba yathu, n'kusiya chidzenje chachikulu, ndiponso mulu wa dothi umene unatseka kamtsinje. Malowo anasanduka miyala yokhayokha. A Teodoro atapempha kamalo koti azikatchula kawokawo, a Valentim anawaonetsa pamenepo. Anthu anaseka, ndipo amati a Valentim anaseka kwambiri kuposa onse. Koma mvula inadzaza dzenjelo, madzi sanaphwe, bango linamera, mikuyu ndi misangu inakula, ndipo tsekera, udzu wofolera uja, anazungulira malo onse. Kunabwera atsekwe ndi akakowa, ndipo nantchengwa anamanga chisa chake chachikulu pamphanda ya mtengo. Anthu anapatcha Dziwe la Makina. A Teodoro ankangolima kadimba kakang'ono kumtunda kwake, osadziwa kuti kwinako achite nako chiyani.

Alendo oyamba anafika mwezi wa Junho, chaka cha 2017. Anali mzungu wokalamba ndi mkazi wake, a ku Joni, pagalimoto yokoka kanyumba kumbuyo. Injini inawatenthera atangodutsa malire, ndipo anapatukira padziwepo kuti izizire. Inazizira masana omwewo, koma iwo anakhala masiku anayi. Mayiyo ankakhala tsiku lonse pakampando ka nsalu, zoonera patali zili m'maso, kuyang'ana chisa cha nantchengwa, mbalame imene ife tikaiona timayang'ana kumbali. Bamboyo ankawedza, ndipo akagwira nsomba ankaibwezera m'madzi.

A Teodoro anavutika mumtima masiku onse anayiwo. Alendo, okalambanso, anagona pathengo, pamalo pawo, pakati pa udzu ndi njoka, anthu akuona! Anawapempha katatu kuti akagone kunyumba, ndipo katatu anakanidwa ndi kumwetulira. Pochoka, alendowo anawagwira chanza ndi manja awiri, nawauza kuti alemba za malowa pamapu a m'telefoni, momwe anthu oyenda maulendo ataliatali amauzana kumene munthu angagone. A Teodoro anavomera mwaulemu, ngakhale sanamve kuti akuvomera chiyani. Mwezi usanathe panaima magalimoto ena atatu, imodzi ili ndi tenda yogonamo padenga. Alendowo ankasiya kangachepe pochoka, ndipo a Teodoro anazindikira kuti chidzenje chowaseketsa chija chayamba kudyetsa banja.

Apa ndi pamene munthu waulesiyu anachita chimene chinamuonongera zinthu. Anaganiza chonchi: ngati anthuwa akubwera pamalo pali thengo, nanga patakonzedwa? Anatenga khasu. Analambula udzu wonse kuyambira kumsewu mpaka m'mphepete mwa madzi. Anadula bango chifukwa mumabisala njoka ndi udzudzu. Anasadza mitengo kuti pawale, ndipo nthambi ya chisa cha nantchengwa anaigwetsa, poti mlendo sayenera kugona pansi pa chinthu chotero. Anandanda miyala m'mbali mwa njira, n'kuipaka njereza, ndipo mitengonso anaipaka njereza mpaka m'chiuno, monga zimakhalira kubwalo la posto, ofesi ya boma ku Mualadzi, pakabwera akuluakulu. M'mawa uliwonse ankasesa, n'kusiya mizere ya tsache yooneka bwino padothi. Anakumba chimbudzi chabwino ndi bafa. Anagula wailesi ya sola n'kuipachika pamkuyu kuti alendo asasungulumwe. Ndipo popeza mlendo sasiyidwa yekha, ankabwera ndi mpando wake n'kukhala nawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Mudzi wonse unawayamikira. Ndikufuna owerenga agwire mfundo imeneyi, chifukwa amene akutsutsana nane amaithawa. A Valentim anabwera ndi anzawo kudzaonetsa malowo, akuti: "Onani zimene alamu anga achita pamalo amene ndinawapatsa." Chaka chimenecho a Teodoro anali mkamwini wachitsanzo kuyambira kuno mpaka ku Cassacatiza.

Alendo okha ndiwo sanayamikire. Ankafika, kugona kamodzi, m'mawa n'kumanga katundu. Ena ankangozungulira ndi galimoto osatsika n'komwe. A Teodoro anaganiza kuti mwina sakusesa mokwanira, ndipo anayamba kusesa kawiri patsiku. Okalamba oyamba aja atabweranso, mayiyo anatsika, anayang'ana uku ndi uku, anayang'ana pamene panali chisa, n'kubwerera m'galimoto akupukuta m'maso. A Teodoro anakauza a Quitéria kuti mayi wachizungu walira ndi chimwemwe.

Ine ndinabwera kutchuthi chaka chotsatira, ndili ndi telefoni yotha kutsegula mapu aja. A Teodoro anandiitana pakhonde pawo, a Quitéria akupeta mpendadzuwa chapafupi.

"Ivo, mwanangu, akuti azungu amalemba za ine m'menemo. Werenga. Usachotsepo kanthu."

Ndinayamba ndi zakale, n'kumamasulira. "Awa analemba chaka choyamba chija, bambo. Akuti: Malo abata, udzu wautali, mbalame zosawerengeka. Pano palibe chilichonse, ndipo n'chifukwa chake muyenera kubwera."

"Palibe chilichonse, n'zoona," anatero a Teodoro, akugwedeza mutu mwamanyazi. "Nthawi imeneyo ndinali ndisanakonze. Tsika m'munsi, pamene ndinakonza."

Ndinatsika. "Awa akuti: Fumbi lokhalokha, mthunzi wochepa. Pakuoneka ngati pabwalo la asilikali."

"Pa asilikali pamakhala paukhondo."

"Sakuyamikira, bambo. Awa akuti: Tinabwera chifukwa cha mbalame, tinapeza wailesi."

A Quitéria anasiya kupeta. "Ndinakuuzani, bambo a Graça, kuti amayi aja sankalira ndi chimwemwe. Ine ndine mkazi, kulira ndimakudziwa."

"Werengabe," anatero a Teodoro, mawu atatsika.

"Awa akuti: Mwini malo ndi munthu wabwino kwambiri amene takumana naye paulendo wonse. Koma sachoka."

"Ndichoke ndipite kuti?" A Teodoro anaimirira. "Mlendo ndimusiye yekha ngati mfiti? Azidya yekha, ine ndili pomwepo ndi miyendo iwiri? Akakafika kwawo akanene kuti kwathu kuno ku Chifunde kulibe anthu?" Anayenda mpaka pankhokwe, n'kubwerera, n'kukhalanso pansi. "Tandiuza iwe wophunzira. Anthuwa akufuna chiyani?"

"Akufuna thengo, bambo."

"Thengo lili ponseponse, kuchokera pano mpaka ku Nsadzo. Bwanji osangoima paliponse?"

"Akufuna thengo lokhala ndi chimbudzi," ndinayankha, "ndi munthu wolilondera amene sakuoneka."

A Quitéria anaseka mpaka mpendadzuwa unatayika. A Teodoro sanaseke. Anayang'ana zikhatho zawo, kenaka anati: "Chimbudzi chokha ndiye ndinakhoza."

Kuyambira tsiku limenelo anayamba ntchito imene ine ndimaitcha yovuta kuposa zonse zimene anagwirapo: kuleka. Anachotsa wailesi. Miyala ya njereza anaitaya m'madzi. Mvula itagwa, udzu unayamba kumera pabwalo limene anasesa zaka ziwiri, ndipo iwo ankauyang'ana ngati munthu akuona mbuzi ikudya chimanga chake atamangidwa manja. A Quitéria amati masiku ena ankawapeza atazula kale dzanja lathunthu la udzu osadziwa, ndipo anafika pomawabisira khasu akachoka kumunda wa chimanga. Inde, kumunda wa chimanga wa akazi awo ankalimabe monga kale, ndipo amalima mpaka lero. Koma mundawo uli kuseri kwa phiri, pamene dziwe lili m'mbali mwa msewu, ndipo mbiri ya munthu kwathu kuno imapangidwa ndi zimene zikuoneka kuchokera panjinga.

Tsoka linawonjezera. Udzu utangobwerera, kunagwa mliri uja, maulendo anaima, ndipo kwa zaka ziwiri padziwe sipanaime galimoto. Munthu anasiya kulambula chifukwa cha alendo, alendowo kulibe. Dzina la ulesi linabadwa nthawi imeneyo. Alendo atayambanso kubwera, bango linali litabwerera, nantchengwa atamanganso, ndipo ena ankakhala sabata yathunthu. Koma mwezi wa Setembro chaka chimenecho moto wolusa, umene chaka chilichonse umanyambita dziko lathu lonse ndipo palibe amene amavomera kuti anauyatsa, unadutsa padziwe n'kusiya phulusa. A Teodoro anaona, ndipo anasunga mumtima.

Nthawi yomweyo a Valentim anali atagula motobomba, makina opopera madzi, ndipo maso awo anagwera pamadzi osaphwa aja. Tomato amayenda malonda kwa oyendetsa makamiyawu, malole akuluakulu aja, pamalire. Mwezi wa Junho, chaka cha 2023, anaitanitsa mbumba yonse pakhomo pawo. Ine ndinalipo.

"Alamu," anayamba a Valentim, "malo aja tinakupatsani kuti mulime, kapena kuti muwete njoka?"

"Alendo amabwera, alamu," anayankha a Teodoro, chipewa chili pabondo.

"Alendo tidya? Anthu akudutsa pamsewu akufunsa kuti kodi mbumba ya pamenepa inatha kufa. Ine ndikuyenda ndi manyazi."

"Achimwene," analowererapo a Quitéria, "pamene munkawapatsa panali miyala. Manyaziwo munalibe?"

"Iwe Quitéria, ndikulankhula ndi amuna ako, osati ndi loya wawo."

Apa ndinaimirira ine. Ndinalankhula bwino, ndipo sindikuona chifukwa chobisira. Ndinafotokoza za aturista, alendo odzaona malo, za mayiko amene amadya chifukwa cha thengo lawo, za madzi amene motobomba idzawamalize m'zaka ziwiri. Malume anandimvetsera akutokosa m'mano ndi kaudzu.

"A Dotor, mwatha?" anafunsa. "Zikomo. Tsopano tiuzeni, ku univesidade kuja anakuphunzitsani kuti thengo ndi la yani?"

Ndinayamba kufotokoza za lamulo la malo.

"Ayi, khalani pansi. Kuno malo amene khasu silikugwa alibe mwini. Amabwerera ku mbumba. Si ine ndinayambitsa." Anatembenukira kwa a Teodoro. "Alamu, sindine munthu wankhanza. Ndikukupatsani mpaka mvula yobzalira. Ikadzagwa malowo akali osagwa khasu, ndidzagawira alongo angawa madimba, ndipo makina anga adzawathirira. Inu mudzalima kwa akazi anu, monga akamwini onse."

Amayi ena anawomba m'manja pang'ono. Sindikuwadzudzula, dimba ndi dimba. Koma aliyense pabwalopo ankadziwa tanthauzo la mawu omalizawo. A Teodoro anali atakhala pamudzipo zaka zoposa makumi awiri, ndipo chinthu chokha chimene ankatchula kuti changa chinali dziwe lija. Akalilambula, alendo athawa. Akapanda kulilambula, alandidwa. Mkamwini satsutsa mwini mbumba pagulu. Anangoti, "Ndamva, alamu," n'kuvala chipewa.

M'mawa mwake anatenga khasu, ndipo mudzi unapuma, poganiza kuti munthu wabwerera m'nzeru zake. Koma sanalowe m'malomo. Anayamba kulambula kunja kwake, kuzungulira, mpita waukulu wonga msewu, kuchotsa udzu ndi mizu yomwe mpaka dothi kuyera. Amene analimapo nthaka ya timiyala m'chilimwe akudziwa kuti khasu limalira ngati lagunda chitsulo. Anagwira Julho yense, Agosto yense, mpaka pakati pa Setembro. Makasu awiri anatha. Anthu odutsa ankaima n'kumafunsa.

"A Teodoro, munda ndi uti? Uwu mukupalirawu, kapena uwo mukuusiyawo?"

"Mukonzeratu msewu woti njoka zanu ziziyendamo?"

Choncho kwa miyezi itatu dzina la ulesi linapuma, m'malo mwake munalowa la misala. Ndikutchula izi pofuna chilungamo: mudzi wathu umatha kusintha maganizo, malinga ngati maganizo atsopanowo ndi oipa kuposa akale.

Moto unabwera Lachinayi lina la mwezi wa Outubro, dzuwa lili paliwombo. Nthawi ino woyatsa anadziwika, chifukwa anthu anamuona. A Valentim ankasosa m'munda mwawo n'kumatentha mapesi, monga amachitira chaka chilichonse, ndipo mphepo inatembenuka. Moto unalumpha m'malire mwa munda, unagwira mitolo ya udzu imene anaunjika kuyambira Junho, n'kukwera pachigafa chawo, shedi yaitali yoyanikamo fodya. Anthu asanafike ndi zidebe, chigafa chinali chitagwa. Kenaka motowo unatsetsereka kulunjika kudziwe, ukuthetheka ngati chimanga chokazinga.

Padziwe panali magalimoto awiri a alendo. Ine ndinathamangira kumeneko ndi chidebe, ndipo ndinapeza a Teodoro ndi a Quitéria akuyenda mumpita muja ndi nthambi zaziwisi, akuzima mbaliwali za moto zimene mphepo inkaponya kutsidya. Mzungu wina wa kabudula anaima pambali pawo atagwira kabotolo kofiira kozimira moto, kotalika ngati chitsononkho, akuoneka wokonzeka kupulumutsa Chifunde yense. Moto unafika pampita, malawi ake otalika kuposa munthu. Unayenda m'mbali mwake kufunafuna polowera, kumadzulo, kenaka kumpoto. Sunapeze. Pofika madzulo unali utapitirira kumapiri.

Tsiku lotsatira, munthu akaima pamsewu ankaona dziko lakuda mbali zonse, ndipo pakati pake chigamba chimodzi chachikasu, tsekera ataima chilili kuzungulira madzi.

Tsopano, fodya wa a Valentim anali kale pambande, kudikira mvula. Masamba amayamba kuthyoledwa mu Janeiro, ndipo fodya wopanda chigafa chofolera amavunda ndi mvula sabata isanathe. Mitengo yomangira ikanapezeka. Udzu ndiwo unalibe kogula, chifukwa aliyense anali atadula wokwanira denga lake, ndipo wotsala unali phulusa. Malume anapirira masiku asanu ndi anayi. Tsiku lakhumi m'mawa anatsikira kudziwe, manja kumbuyo, ngati munthu wongodziyendera. Anapeza a Teodoro pansi pa mkuyu, ine ndikuwawerengera za m'telefoni. A Teodoro anawapatsa mpando, iwo n'kukhala pamuzu.

Anafunsana za m'nyumba, za ana, za chifuwa cha apongozi.

"Madzi sanaphwe chaka chino," anatero a Valentim.

"Sanaphwe, alamu."

"Mbalame zanu zija zili bwino?"

"Zikudya."

A Valentim anayang'ana kumwamba, anayang'ana nsapato zawo, n'kuyang'ana ine ngati akufuna ndichoke. Sindinachoke.

"Tsekera ameneyu wakula bwino," anatero pomaliza. "Wowongoka. Munachita kuthira kanthu?"

"Ayi, alamu," anayankha a Teodoro mofatsa. "Ndi ulesi chabe."

Imeneyi ndiyo mbama yokha imene a Teodoro anabwezera m'zaka zonsezi, ndipo anaipereka akuyang'ana pansi mwaulemu. Malume anaseka pang'ono, kuseka kouma, n'kunena kuti anthu amalankhula zambiri, ndipo munthu wanzeru samvera zonse.

A Teodoro sanadikire kuti mwini mbumba apemphe ndi pakamwa pake, chifukwa ankadziwa kuti munthu akamuchititsa manyazi otero sakhululuka. Anaimirira, nati: "Alamu, ndinali ndi ganizo. Udzu wa mbali ya kum'mawa wachuluka, ukundibisira njira ya kumudzi. Mukanatuma alongo anu ndi zikwakwa adzandichotsereko, mukanandithandiza."

"Tingathe kukuthandizani," anatero a Valentim mwamsanga.

"Koma ayambire pampita, alekezere pamsangu uwo. Wa m'mphepete mwa madzi asaukhudze, bango asalidule, ndipo mtengo wa nantchengwa asauyandikire. Abwere m'mawa, asaimbe."

"Asaimbe?"

"Alendo amadandaula."

"Akazi a kwathu kumweta udzu osaimba," anatero malume akupukusa mutu. "Alamu, azungu anuwa akudwala." Koma anavomera.

Amayi anamweta masiku asanu, akuimba chapansipansi, ndipo mayi wina wachizungu anawatsatira ndi telefoni kuwapempha kuti akweze mawu. Chigafa chinafoleredwa, ndipo udzu unatsalako wa makhitchini awiri.

Mvula yobzalira inagwa kumapeto kwa Novembro. A Valentim anaitanitsanso mbumba, poti mawu awo aja anali akadali m'makutu mwa anthu. Anaimirira, anakonza kolala, nati anthu ena sanawamvetse mu Junho. Iwo sananene kuti malowo abzalidwe chimanga. Ananena kuti khasu ligwe, ndipo aliyense wa maso waona kuti khasu linagwa. Kuwonjezera apo, padziwe paja si thengo ayi. Ndi munda wa tsekera wa mbumba yathu, ndipo alamuwa ndiwo mwini wake wousamala, iwo ndi ana awo, malinga mbali ya kum'mawa izimwetedwa chaka ndi chaka. Motobomba anakaiika kudambo la kumunsi, kumene, malinga ndi iwo, ankafuna kuiika kuyambira kale.

Malowo anatsala m'manja mwa a Teodoro. Wina angaganize kuti dzina lawo linayera tsiku lomwelo, koma woganiza choncho sanakhalepo m'mudzi. Amene amafolera nyumba zawo ndi udzu wa padziwe ndi omwewo amene amati a Teodoro anachita mwayi, poti munda wa udzu ndi munda wokhawo woyenera munthu waulesi.

Masiku ano mukadutsa mudzawaona pansi pa mkuyu uja, kutali ndi alendo. Amawapatsa moni kamodzi m'mawa, kuwaonetsa nkhuni ndi madzi, n'kubwerera pamalo pawo. Sanazolowere. A Quitéria anandiuza kuti pa Lenti yapitayi anakaulula kwa padiri kuti amasiya alendo kudya okha, ndipo anabwerako okhumudwa chifukwa padiriyo sanawapatse chilango. Okalamba a ku Joni aja anabweranso chaka chatha. Mayiyo anakhala masiku asanu ndi limodzi akuyang'ana chisa, ndipo pochoka analemba m'telefoni mawu amene ndinawawerengera a Teodoro kawiri: "Malowa abwerera mwakale. Ndi thengo lenileni, losakhudzidwa ndi dzanja la munthu."

A Teodoro anamwetulira, nati amayiwo alemba bwino. Ine sindinamwetulire, chifukwa ndinaona kuti pa nkhani imodzi yokhayi azungu ndi anthu a kwa Kamphande agwirizana: onse akukhulupirira kuti padziwe paja palibe amene amagwira ntchito. Ndipo ndanena kale maganizo anga pa nkhani zimene anthu onse agwirizana.

Loweruka lapitali ndinabwereka fita yoyezera kwa mmisiri womanga nyumba, ndipo ndinazungulira nayo ndekha mpita umene a Teodoro amalambula chilimwe chilichonse. Ndi wa mamita 912 m'litali, ndi mamita asanu ndi limodzi m'lifupi.